Adona Ali ku Kulibe

Kwa Olemekezeka Akulu Osunga Zinsinsi za Dziko,
Nyumba Yomwe Kulibe,
Kuseri kwa Mpanda Womwe Ndatsamira Pano.

Bwana wanga, ngati mulipo,

Ndavula chipewa, ndapukuta guluu m'manja, ndipo cholembera ndachigwira ndi manja awiri monga timalandirira zinthu kwa akulu, n'chifukwa chake mizere ina yapendama. Ndikufunsa za moyo wanu, koma musavutike kuyankha. Ndikudziwa kuti ngakhale chimfine chanu ndi chinsinsi cha dziko. Ife kuno tadzuka, kupatula kamwana kamodzi komwe ndikatchule kutsogoloku.

Ine ndine Chidendene, dokotala wa nsapato, mwini wa shedi ya malata ija yatsamira mpanda wanu mbali yotulukira dzuwa. Nyumba yanga ili pomwepo kuseri kwa shedi, ndiye ine ndi inu ndife aneba, ngakhale simunabwerepo kudzapempha mchere. Za ntchito yanga sindikonda kudzitama, amanditama ndi anthu. Nsapato yomwe ndaigwira ine imatha kupita yokha kuntchito mwini wake atadwala. Ndinasokapo jombo za msilikali wina, mpaka lero munthuyo akukanika kupuma pantchito chifukwa jombozo zikukana kutha. Sukulu ndinalekera panjira, osati chifukwa cha mutu ayi, koma aphunzitsi zinawathera zondiphunzitsa. Choncho mukapeza mawu opotoka m'kalatayi, apatseni anyamata anu awawongole, muli nawo ambiri ophunzira omwe amangokhala.

Kalatayi ndaipereka ku nyuzipepala chifukwa kupositi anaikana. Anati sangapereke kalata pamalo pomwe mapu awo akuonetsa thengo. Mlamu wanga anandilangiza kuti ndingolembera iyeyo, ikufikani msanga, poti makalata a anthu onse amayamba adutsa m'manja mwanu. Nzeru yabwino, koma ndinaopa kuti muiwerenga mwakachetechete monga mwa masiku onse, osayankha.

Ndisanadandaule ndiyambe ndathokoza, poti ndinaleredwa bwino.

Zikomo chifukwa chobisa bwino ofesi yanu. Mutangosamukira muno, anthu ankabwera pageti kudzafunsa. Muno ndi ofesi yanji? Mlonda ankati kulibe. Bwana alipo? Kulibe. Ntchito yosesa? Kulibe. Nanga chinyumba chansanjika chikuoneka kumbuyo kwanucho? Kulibe. Dzinalo linakanirira ngati guluu wanga. Lero kondakitala aliyense wa minibasi amakuwa kuti otsika pa Kulibe asendere kukhomo, mlendo akasochera timamuuza kuti akafika pa Kulibe akhotere kumanja, ndipo ine pachikwangwani changa ndinalemba kuti Chidendene, Pafupi ndi Kulibe, makasitomala n'kuchuluka. M'tauni yonse ino palibe nyumba yodziwika ngati yanu yobisikayi.

Zikomonso chifukwa cha anyamata anu omwe amatiyang'anira mobisa. Timawakonda onse, ndipo timawapatsa moni. Amavala magalasi akuda ngakhale kukugwa mvula, kuti tisawazindikire. Wapamtima wathu ndi Wamatsache, uja amaima pakona ndi mtolo wa matsache paphewa chiyambire chaka chomwe mwana wanga woyamba analowa sukulu, ndipo mwanayo pano ali ndi ndevu. Sanagulitsepo ngakhale limodzi. Tsiku lina akazi anga anafuna kugula, iye anakana, akuti matsachewo ndi katundu wa boma. Munthu wokhulupirika chonchi mumukweze pantchito, bwana, mum'patseko madengu.

Tsopano nkhani yanga.

Ndili ndi mbuzi. Ndikati ndili nayo ndikutanthauza kuti ndi ya akazi anga, monga zilili zinthu zonse pakhomo pano kupatula ndevu zanga. Anawasiyira malemu mayi awo, apongozi anga, ndipo mwa zonse zomwe malemuwo anasiya, yopuma ndi yokhayi. Ndi yoyera, ili ndi banga lakuda padiso lamanzere, imayenda modzimva ngati mkazi wa bwana akulowa m'tchalitchi mochedwa, ndiye tinaitcha Adona. Pakhomo pano sitinena kuti yadya, timati adya. Mwezi watha Adona anatipatsa tiana tiwiri, Kachingwe ndi Kamsomali, tomwe tikadayamwa. Adonawo, bwana, ali kwanu. Tiana tili kuno. Nkhani yonse ndi imeneyi, zotsatirazi ndangoziika m'ndondomeko kuti zioneke za muofesi.

Dandaulo loyamba likukhudza geti lanu.

Mukudziwa kuti nyengo ino kwauma. Mipopi yathu tikaitsegula imangotsokomola n'kutulutsa mphepo. Koma kuseri kwa mpanda timamva madzi akuwazidwa tsiku lonse pa kapinga yemwe kulibe, ndipo fungo lake limatipeza kudzera pachibowo cha ngalande chomwe chili pansi pa benchi yanga. Adona akhala akununkhiza pachibowopo kwa nthawi yaitali, akuganiza. Sabata yatha m'mawa anamaliza kuganiza. Anatafuna chingwe chomwe ndinawamangira, chingwe choti chikhoza kukoka basi yodzaza anthu ndi katundu wawo yemwe, n'kunyamuka ulendo wa pageti.

Nthawi yomweyo kunatulukira galimoto yakuda ija ya magalasi akuda, yomwe tonse sitidziwa kuti mumakwera ndinu. Geti linatseguka. Alonda anaima njo, zifuwa kutsogolo, dzanja pachipumi, maso kumwamba, monga munawaphunzitsira kuti asaone yemwe ali m'galimoto. Galimoto inalowa. Pambuyo pake Adona analowa, osathamanga, osacheuka, kamchira m'mwamba. Ine ndakhala pampandawu zaka zonsezi osalandirapo ngakhale mwadzuka bwanji wa boma, koma mbuzi ya apongozi anga inalowa ndi sawatcha.

Ndinathamanga, bwana. Ndinathamanga liwiro loti mthunzi wanga unafika pageti ine nditapuma kale. Koma geti linatsekeka pamphuno panga penipeni, moti mphunoyo pano ndi yaifupiko.

Sindikunena kuti chitetezo chanu n'chofooka, Mulungu andikhululukire. Mpanda wanu uli ndi waya wamagetsi pamwamba, mabotolo osweka, ndi kamera yomwe imatembenuka kundiyang'ana ndikamakanda pamsana. Ndikungoti adani a dziko akamva nkhaniyi sadzavutikanso ndi ndege kapena mizinga. Adzangogula chikopa cha mbuzi n'kudikira galimoto yanu.

Dandaulo lachiwiri ndi la mawu aja.

Pageti tsiku limenelo panali Chiphazi, mlonda wanu wamkulu thupi, mnzanga wa zaka zambiri, amene jombo yake imodzi imandithera ulusi wa mwezi wathunthu. Ndinamupempha mwaulemu kuti anditulutsire mbuzi. Anandiyang'ana ngati sanandionepo, n'kunena kuti kulibe. Asanatseke pakamwa, Adona analira kumbuyo kwake mokweza moti zitsulo za geti zinanjenjemera. Tiana tinayankha kuchokera kwathu. Ndinamufunsa Chiphazi ngati wamva. Anati akakhala pantchito makutu ake amaloledwa kumva za kutsogolo zokha, za kumbuyo zili ndi ofesi yake. Ndinafunsa komwe kuli ofesi ya za kumbuyoyo, yankho mukulidziwa. Kenako anasuzumira kamera, n'kundinong'oneza kuti ndisamude, kumaphunziro anawapatsa mawu amodzi okhawo, ena amaperekedwa munthu akakwezedwa.

Ndinapita kupolisi. Wapolisi wa pakauntala anali munthu wansangala, anatsegula buku, n'kufunsa ngati mbuzi yasowa. Ndinati sinasowe, ndikudziwa komwe ili. Anati ngati ndikudziwa komwe ili ndiye ndikungomutayitsa nthawi, ndipite ndikaitenge. Ndinati ili ku Kulibe. Anatseka buku pang'onopang'ono, anayang'ana kudenga, n'kunena kuti ngati kulibe ndiye kuti mlandunso palibe. Anandiperekeza mpaka pakhomo, dzanja lili paphewa panga, akundilangiza kuti ndikakhale pansi ndikaganize bwino ngati ndinakhalapo ndi mbuzi.

Anayankhula bwino kwambiri moti ndinafika kunyumba ndikukayika. Akazi anga ndi amene anandikumbutsa kuti mbuzi inalipo, ndi mawu omwe akonzi a nyuzipepala sangalole kuti ndiwalembe pano. Anandikumbutsanso amene anamanga chingwe.

Dandaulo lachitatu ndi la komiti.

Ine ndine munthu wotsata nkhani, wailesi yanga imatopa ine ndisanatope. Ndinamva kuti kunyumba ya malamulo kuli komiti ya aphungu yomwe ntchito yake ndi kukuyang'anirani inuyo, kuti mphamvu zisakulowereni m'mutu. Mwamwayi wapampando wake ndi phungu wa dera lathu lino, ndipo nsapato zake zimawala chifukwa cha ine. Atabwera kudzapolishitsa, ndinadikira kuti phazi likhale pabokosi, kuti asathawe, n'kuwafotokozera zonse.

Anatupa, bwana. Anati komiti yawo ili ndi mano, iwo akangotsokomola inuyo mumaimirira, mbuzi ituluka lero lomwe. Ndinawafunsa kuti analowamo liti komaliza, kuti andiuzeko ngati muli mthunzi woti Adona n'kubisalapo dzuwa. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, anayang'ana Wamatsache pakona, n'kuphwa ngati tayala loponda msomali. Akuti sanalowemo chiyambire. Akuti kamodzi pachaka mumawatengera kuhotela, mumawapatsa tiyi, n'kuwagawira lipoti lonenepa lomwe mzere uliwonse ndi wopakidwa inki yakuda, kupatula manambala a masamba ndi mawu oti zikomo kumapeto. Amaliwerenga mosamala, amawomba m'manja, n'kusaina kuti zonse zili bwino. Chaka china iwo analimba mtima n'kufunsa funso. Anayankhidwa kuti yankho lake ndi chinsinsi, funsolonso ndi chinsinsi, choncho aiwale kuti anafunsa. Akuti anaiwaladi, ndipo anayamikiridwa.

Kenako a phungu, ndi mawu a mwana wopempha switi, anandifunsa ngati ineyo ndinaonako mkatimo. Ndinasuntha benchi, n'kuwaonetsa chibowo cha ngalande.

Bwana, mukanaona. Anavula jekete, anayala nyuzipepala pansi, anagwada, anaona kuti sizikukwana, n'kugona chafufumimba ndi mimba yawo yonse yolemekezeka. Anthu anasonkhana. Minibasi inaima, okwera n'kuiwala komwe amapita. Ine ndinavula chipewa, chifukwa ndinazindikira kuti ndikuona mbiri ya dziko: komiti inali ikuyendera ofesi yanu kwa nthawi yoyamba. Diso lili pachibowo, anayamba kutiuza zomwe akuona. Kapinga. Miyendo inayi yoyera. Kachitini. Munthu atanjuta, nkhope osaoneka. Akanaona zambiri, koma tayi yawo inali italowa m'ngalandemo, ndipo Adona satha kuona nsalu yofiira n'kuisiya. A phungu tinachita kuwakoka miyendo. Anadzuka ndi theka la tayi, anadzisansa fumbi, n'kulonjeza kuti nkhaniyi akaitula kuhotela chaka chamawa, akawalola.

Ndiye onani, bwana. M'dziko lonse lino, wakunja amene analowa mu ofesi yanu n'kuzungulira paliponse, kununkhiza paliponse, popanda womuperekeza, ndi Adona okha. Akanakhala odziwa kusaina ndikanati muwapatse mpando wa a phungu. Komanso chilowereni Adona, pangalande paja m'mawa uliwonse pamatuluka timibulu takuda ta ndowe. Ndikuthokoza kwambiri. Pa zaka zonsezi, zimenezi ndi zoyamba zomwe ofesi yanu yatulutsa kuti anthu wamba aone. Tikuthira pa tomato.

Dandaulo lachinayi ndalilemba nditagwada.

Tsiku la tayi lija litapita, m'mawa mwake Wamatsache anachoka pakona pake. Zimenezi sizinachitikepo, moti agalu a mumsewu anasokonezeka, poti ankamuyesa mtengo. Anakhala pabenchi panga, anatula matsache, anavula nsapato yomwe inalibe vuto lililonse, n'kuyamba kucheza ngati munthu wongodutsa. Anafunsa kuti Adona amacheza ndi ndani, ngati ali ndi achibale kunja kwa dziko, ndiponso kuti pachisankho chapitachi ankaoneka kuti akukondera mbali iti. Ndinayankha kuti anadya zithunzi za zipani zonse mosakondera. Anafunsa za kulira kuja, akuti akatswiri anu anakujambula pamakina ndipo apeza kuti uthenga ukutuluka mkati kupita kunja, wina n'kubwerera. Ankafuna kudziwa kusiyana kwa mee wamfupi ndi mee wamtali. Ndinamuthandiza, poti ndine wokonda dziko langa. Wamfupi ndi mayi akufuna ana, wamtali ndi ana akufuna mayi. Anati apititsa kwa akatswiri akatsimikize.

Ndinafunsa kuti nanga atuluka liti. Anati mbuzi kulibe, koma ikanakhalako sikanatuluka, chifukwa yaona mkati, ndipo panopa ikuthandiza boma pa kafukufuku.

Kenako mafunso anayamba kukhota. Anafunsa masamba omwe Adona amakonda. Anafunsa ngati amadana ndi manja ozizira. Anafunsa mwendo womwe amamenyera theche, ndipo pofunsapo anadzisisita pabondo. Anafunsa kuti amapereka wambiri m'mawa kapena madzulo, n'kudziluma lilime. Akazi anga anali pakhomo ndi beseni la zochapa. Analiika pansi bwinobwino, osataya ngakhale dontho, n'kunena kuti, "Bambo a ana, anthu awa akukama mbuzi ya mayi anga."

Wamatsache anakumbukira kuti ali ndi makasitomala, n'kuthawa, kuiwala tsache limodzi. Tili nalo. Tumizani munthu, tingamangidwe ndi katundu wa boma.

Kuchokera apo maso anga anatseguka. Mwini golosale wa patsidya pa msewu akudandaula kuti mayi amene amakuphikirani tiyi wasiya kudzagula mkaka. Anyamata anu akutuluka masaya akuwala, ena akutsimphina. Dzana ndinapitanso pageti, Chiphazi anandiyankha kuti kulibe, ndevu za pamlomo zili mbee. Ndipo dzulo dalaivala wa galimoto yakuda ija anabwera ndi nsapato imodzi yokulunga m'pepala, ya chikopa chofewa ngati tsaya la khanda, ya munthu amene saponda fumbi. Kutsogolo kwake kunali kophwanyika, chizindikiro cha chiboda chikuoneka bwinobwino ngati chidindo cha boma. Sindikunena kuti ndi yanu, bwana. Ndikungodabwa kuti munthu wamkulu chonchi amanjuta yekha ndi kachitini pamene ali ndi antchito ambirimbiri. Kudzichepetsa kotere n'kosowa masiku ano.

Ndaphunzira zambiri. Ine mu umbuli wanga ndinkayesa kuti chitetezo cha dziko ndi mfuti, malire, ndi adani olankhula zilankhulo zachilendo. Ndinkayesa kuti mpanda wautali chonchi, ndi inki yakuda yonse ija, zikubisa zinthu zoti tikazimva tsitsi likhoza kuyera tsiku lomwelo. Kani nthawi zina chitetezocho chimakhala m'kapu, chothira shuga. Ndayamba kudzifunsa kuti pansi pa inki ija pali mbuzi za anthu zingati.

Dandaulo lachisanu ndi lalifupi, ndipo pano sindikokomeza, mwina koyamba chibadwire.

Akazi anga akuyesa kuyamwitsa tiana ndi botolo, atamangirira kamphira kukamwa kwake. Kachingwe n'kadyera, kanatengera ine, kakumwa. Kamsomali kakukana. Kamatembenuza mutu, mkaka n'kumayenderera pakhosi. Kakangosiyidwa kamadzikoka mpaka pansi pa benchi yanga, n'kugona mphuno ili pachibowo, pomwe pamachokera fungo la mayi ake. Miyendo yayamba kupindika, maso alowa. Akazi anga anakanyamula kupita nako pageti, n'kukakweza m'mwamba kuti kamera yanu ione. Kamera yomwe sinaphonyepo msana wanga inatembenukira kumsewu. Dzulo madzulo Adona anaitana kuseri kwa mpanda, Kachingwe kanayankha, Kamsomali kanangogwedeza khutu. Adona anaitana, anaitananso, mpaka mawu anasasa. Akazi anga anakafunditsa nsalu yakale ya mayi awo, n'kukhala nako pakhonde osayankhula. Munthu amene wandiyankhula mosalekeza chikwatiraneni, bwana, wakhala chete. Kukalipiridwa ndinazolowera, ndimanenepa nako. Chete ameneyu sindikumutha.

Wodziwa za ziweto amene tinamuitana wati mkaka wa m'sitolo sungakathandize, kakufuna bere la mayi ake, ndipo sikadikira lipoti la chaka chamawa.

Tsono pempho langa, ndikulipereka ndi manja awiri.

Sindikupempha kuti muvomere chilichonse. Ndikudziwa kuti mukavomera mbuzi lero, mawa anthu adzafuna muvomere geti, mkuja nyumba, kenako inuyo, dziko n'kugwa. Ndakuganizirani njira ziwiri, poti nzeru ndili nazo zambiri moti zina ndimangogawa.

Njira yoyamba, mangani Kachingwe ndi Kamsomali. Mlandu ulipo kale, akatswiri anu ali ndi umboni woti awiriwa akhala akulandira mauthenga ochokera mkati n'kumayankha. Ndiwabweretsa ndekha pageti, mmodzi ndichita kum'nyamula. Alowe, ayamwe, akhute, zotsala muthire m'tiyi. Ine sindidzafunsanso.

Koma yachiwiri ndi yomwe ndikuikonda, chifukwa ikutetezani inuyo. Mawa m'mawa galimoto yanu ikamalowa, alonda aimenso njo, maso kumwamba, monga mwa masiku onse. Wina angomasula chingwe. Adona njira akuidziwa, safuna kuperekezedwa. Palibe amene adzaone, palibe amene adzasaine, palibe amene adzafunsidwe, pakuti chinthu chomwe kulibe sichingasowe. Ndipo taganizani ubwino wake. Ndikadzabwera pageti kudzafunsa za mbuzi, Chiphazi adzati kulibe, ndipo adzakhala akunena zoona koyamba chiyambire ntchito. Mwina adzazikonda. Mwina zidzafalikira mpaka kuhotela.

Za tiyi musadandaule. Ndafufuza mbiri yonse ya dziko lapansi, ndafunsanso mlamu wanga. Tiyi wopanda mkaka sanagwetsepo boma.

Ndine wanu wogwada mpaka mawondo kutha ngati soli yakale, neba wanu wa nyumba yomwe iliko,

Chidendene,
Dokotala wa Nsapato,
Pafupi ndi Kulibe.

Ndinaiwala. Nsapato ija ndaikonza. Ndaiwongola, ndaipolisha, ikuwala moti ntchentche ikaterapo imaterereka n'kuthyoka mwendo. Kutsogolo ndaikamo kachitsulo, mwina mwini wake angafunenso kunjuta. Dalaivala anabwera m'mawa uno kudzaitenga, akuti bwana ali ndi msonkhano waukulu ndipo inzake ikudikira yokha. Inali pashelefu kumbuyo kwanga, ikumuthobwa m'maso. Ndinamuyang'ana mwaulemu, monga ndinaphunzirira kwa aneba anga, n'kumuuza kuti kulibe. Adona akafika, mwina ipezeka.